SARS: nthenda ya corona imene inkapha mmodzi mwa anthu 10, kenako n'kuzimiririka

Amene anatsatira nkhani za COVID-19 anamvapo dzina loti SARS-CoV-2, lomwe ndi dzina la kachilombo koyambitsa nthendayo. Nambala 2 ili kumapetoyo ikusonyeza kuti kunali koyamba, komwe kankayambitsa nthenda ya SARS. Koyambako kanabuka kum'mwera kwa China chakumapeto kwa 2002, kanadwalitsa anthu 8,096 m'maiko 29, n'kupha 774, ndipo chichokereni 2004 palibe munthu amene wapezekanso nako.

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Zinatheka bwanji kuti nthenda yoopsa chonchi ithe m'miyezi yowerengeka, popanda katemera ngakhale mankhwala ochiza, pomwe m'bale wake amene sapha anthu ochuluka motere pa anthu 100 alionse anazungulira dziko lonse? Mbali yaikulu ya yankho ili m'thupi la wodwala mwenimweni: malo amene kachilomboko kamakhazikika, ndi tsiku limene kamachuluka kwambiri.

Banja la tizilombo ta corona

Vayirasi ndi kanthu komwe sikangaberekane pakokha. Kamanyamula malangizo a kapangidwe kake, koma zipangizo zopangira kalibe. Choncho kamalowa m'selo la munthu kapena la nyama n'kugwiritsa ntchito zipangizo za selolo podzichulukitsa. N'chifukwa chake maantibayotiki, omwe amapha mabakiteriya, sachita kanthu pa vayirasi.

Tizilombo ta corona n'tobulungira, ndipo n'tating'ono moti pafupifupi 10,000 titandandalikidwa pamzere tingangokwana milimita imodzi. Kunja kwake kuli chikuto cha mafuta, chomwe sopo amachiphwasula mosavuta. Pachikutopo patuluka tizisonga ta puloteni yotchedwa spike, ndipo m'kati muli ulusi wa RNA, pomwe palembedwa malangizo aja, wokhala ndi zilembo pafupifupi 30,000. Pakati pa mavayirasi a RNA, ulusi umenewu ndi umodzi mwa yaitali kwambiri. Ulusi wautali chonchi ukanadzaza zolakwika nthawi iliyonse pamene ukukoperedwa, koma tizilombo ta corona tili ndi puloteni yomwe imabwerera m'mbuyo n'kuchotsa zilembo zolakwikazo. Mfundo imeneyi tiipezanso pa nkhani ya mankhwala.

Madokotala a ziweto ndiwo anayamba kukumana ndi banjali, m'zaka za m'ma 1930, pa nthenda ya m'chifuwa ya nkhuku. Tizilombo ta anthu tinapezeka m'zaka za m'ma 1960. David Tyrrell, yemwe ankafufuza za chimfine ku Salisbury m'dziko la England, anatumiza zomwe anapeza kwa June Almeida ku London, katswiri wojambula tinthu ting'onoting'ono ndi maikulosikopu yamphamvu, ndipo dzina loti coronavirus linasindikizidwa mu 1968 potengera tizisonga tija, tomwe timaoneka ngati chisoti chachifumu (corona m'Chilatini). Kufikira 2002, mitundu iwiri yokha ndi imene inkadziwika mwa anthu, 229E ndi OC43, ndipo yonse inkangoyambitsa chimfine wamba. Ofufuza ochepa okha ndi amene ankataya nthawi nayo.

Kuchokera ku Foshan mpaka ku Toronto

Odwala oyamba odziwika anali a mumzinda wa Foshan, m'chigawo cha Guangdong, mu Novembala 2002. Chinkaoneka ngati chibayo, koma chosamva mankhwala a chibayo. Pa 11 Febuluwale 2003, boma la China linauza bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO kuti anthu 305 adwala ndipo 5 amwalira. Dzikolo linadzudzulidwa kuti linachedwa kunena zonse, ndipo mu Epulo chaka chomwecho nduna ya zaumoyo ndi meya wa Beijing anachotsedwa pa maudindo awo.

Pa 21 Febuluwale, dokotala wina wa ku Guangzhou yemwe anakhala akuthandiza odwalawa anafika ku Hong Kong kudzakhala nawo pa ukwati. Anagona usiku umodzi pa hotela ya Metropole, pansanjika ya nambala 9, ndipo m'mawa mwake anagonekedwa m'chipatala momwe anamwalira patapita masiku. Alendo oposa 10 a pahotelapo anatenga nthendayo, ambiri a iwo a pansanjika yomweyo. Ena anakwera ndege kupita ku Hanoi, ena ku Singapore, wina ku Toronto.

Ku Hanoi kunali dokotala wa WHO wochokera ku Italy, Carlo Urbani. Ataitanidwa kukaona wodwala pachipatala cha French Hospital, anaona kuti anamwino ndi madokotala a pamenepo akudwala mmodzimmodzi, ndipo anazindikira kuti iyi ndi nthenda yatsopano. Anachenjeza WHO, n'kulimbikitsa boma la Vietnam kupatula odwala. Iye mwini anaitenga, ndipo anamwalira ku Bangkok pa 29 Malichi 2003 ali ndi zaka 46. Patatha mwezi umodzi, Vietnam inakhala dziko loyamba kulengezedwa kuti lathana ndi mliriwo.

WHO inachenjeza dziko lonse pa 12 Malichi, ndipo pa 15 Malichi inaipatsa dzina loti SARS, chidule cha mawu a Chingerezi onena za nthenda yoopsa ndi yadzidzidzi ya kapumidwe. Malabotale a m'maiko angapo anagwirizana kugawana zomwe akupeza tsiku ndi tsiku. Gulu la Malik Peiris pa University of Hong Kong linali limodzi mwa oyamba kukagwira kachilomboko, ku Vancouver anawerenga zilembo zake zonse, ndipo ku Rotterdam anasonyeza kuti apusi opatsidwa kachilomboka amadwala nthenda yomweyo. Pa 16 Epulo WHO inalengeza kuti choyambitsa ndi kachilombo ka corona katsopano. Pa 5 Julayi inalengeza kuti kufala kwake kwaima. China inali ndi odwala 5,327, Hong Kong 1,755, Canada 251, Singapore 238. Mu Africa, South Africa inalemba wodwala mmodzi, ndipo anamwalira.

Zomwe madokotala ankaona pabedi la wodwala

Munthu akatenga kachilomboka pankapita masiku awiri mpaka 7, nthawi zina mpaka 10, asanamve kanthu. Kenako thupi linkatentha kupitirira madigiri 38, akunjenjemera, mutu ukupweteka, m'thupi mukuphwanya. Kwathu kuno wodwala wotere ambiri tikanathamangira kunena kuti ndi malungo. Chodabwitsa n'chakuti mamina ndi zilonda zapakhosi, zomwe timaziyembekezera pa chimfine, sizinkaoneka kawirikawiri. Nthendayi inkadumpha mphuno n'kukakhazikika pansi.

Patapita masiku atatu mpaka 7 chifuwa chouma chinkayamba, chopanda makhololo, kenako kubanika. Chithunzi cha X-ray chinkaonetsa chigamba choyera mbali imodzi ya mapapo, nthawi zina wodwala asanayambe n'komwe kutsokomola. Magazi akayezedwa, maselo oteteza thupi otchedwa malimfosaiti ankapezeka atatsika mwa odwala ambiri, timaselo tothandiza magazi kuundana tikuchepanso, ndipo zizindikiro za kuvulala kwa chiwindi ndi minofu zinkakwera.

Chomwe chinkapweteka mtima kwambiri ndi sabata yachiwiri. Madokotala a ku Hong Kong anatsatira odwala 75 kwa masabata atatu. Poyamba ambiri anaoneka ngati akupeza bwino, kutentha thupi kutatsika. Koma cha m'ma tsiku la 9 kutenthako kunabwerera mwa odwala 85 pa 100 alionse, 73 pa 100 anatsekula m'mimba mwamadzimadzi, ndipo zigamba za m'mapapo zinafalikira mbali zonse ziwiri. Pofika sabata yachitatu, mmodzi mwa asanu anali ndi mapapo olephereratu ntchito. M'maiko osiyanasiyana, odwala 10 mpaka 20 pa 100 anafunika makina owapumira.

Msinkhu unkasiyanitsa zinthu kwambiri. WHO inawerengera kuti mwa odwala osapitirira zaka 24, omwalira sankafika mmodzi pa 100. Mwa a zaka 45 mpaka 64 anali pafupifupi 15 pa 100, ndipo mwa a zaka 65 kupita m'tsogolo anali oposa theka. Matenda a shuga ndi a mtima ankawonjezera chiopsezo. Ana aang'ono ankadwala pang'ono chabe. Tikamanena kuti SARS inkapha mmodzi mwa 10, tizikumbukira kuti kwa agogo nambalayo inali ina kotheratu.

Khomo lolowera m'selo

Vayirasi sikalowa m'selo lililonse. Pamafunika kuti pakhungu la selolo pakhale puloteni yomwe kachilomboko kangaigwire. Chakumapeto kwa 2003, ofufuza a ku Boston anapeza kuti kachilombo ka SARS kamagwira puloteni yotchedwa ACE2. Kachisonga ka spike kakaigwira, mapuloteni ena a selo lomwelo amakadula kachisongako, ndipo kudulidwako n'kumene kumachititsa kuti chikuto cha kachilombo chiphatikizane ndi khungu la selo. RNA ikalowa, selo limayamba kupanga tizilombo tatsopano.

ACE2 sinaikidwe m'thupi kuti izilandira tizilombo. Ntchito yake ndi kuphwanya kanthu kotchedwa angiotensin II, komwe kamafinya mitsempha ya magazi ndi kulimbikitsa kutupa. Kafukufuku wa pa mbewa za m'labotale mu 2005 anasonyeza kuti kachilomboka kakagwira ACE2, puloteniyo imachepa m'mapapo, ndipo mapapowo amavulala mosavuta. Ndiye kuti kachilomboka kamalowera pa chinthu chomwe chikanateteza mapapo, n'kuchiwononga polowapo.

Malo amene ACE2 imapezeka amafotokoza zizindikiro zambiri. Kumapeto kwa tinjira ta mpweya m'mapapo kuli timatumba mamiliyoni mazanamazana, tokhala ndi khoma lopyapyala kwambiri lomwe okosijeni amadutsapo kulowa m'magazi. M'timatumbamo muli maselo apadera omwe amatulutsa madzi oterera oletsa timatumbato kumatana, ndiponso ndi omwe amabereka maselo atsopano khomalo likavulala. Maselo amenewa ali ndi ACE2. Akafa, kathumba kamafwafwa, ndipo wokakonza palibe.

ACE2 ndi yambirinso m'matumbo aang'ono, komanso imapezeka mu impso ndi mumtima. N'chifukwa chake odwala ankatsekula m'mimba ndipo kachilomboka kankapezeka m'chimbudzi chawo kwa masabata. Zimenezi zinaonekera poyera pa nyumba zosanjikizana za Amoy Gardens ku Hong Kong, pomwe anthu oposa 300 anadwala m'masabata ochepa, 42 n'kumwalira. Ofufuza anapeza kuti mipindo ya mapaipi a pansi m'mabafa, yomwe imayenera kukhala ndi madzi otsekereza mpweya wa m'mapaipi a zonyansa, inali itauma. Mafani otulutsa mpweya m'mabafamo ankakoka timadontho ta zonyansazo kulowetsa m'nyumba, ndipo mphepo inatinyamula kupita ku nyumba zoyandikana.

Pamene chitetezo cha thupi chipyola muyeso

Tsopano tibwerere ku sabata yachiwiri ija. Odwala aja a ku Hong Kong atayezedwa mobwerezabwereza, zinapezeka kuti tizilombo tinkachuluka pang'onopang'ono mpaka cha m'ma tsiku la 10, kenako n'kuyamba kuchepa. Koma odwala ambiri ankaipiraipira pa nthawi yomwe tizilombo tikuchepayo. Ngati mdani akutha, akuwononga mapapo ndani?

Selo likalowedwa ndi vayirasi limatulutsa chenjezo lotchedwa interferon, louza maselo oyandikana kuti adzitchinjirize. Kachilombo ka SARS kali ndi mapuloteni angapo omwe ntchito yawo ndi kutsekereza chenjezo limeneli. Choncho masiku oyambirira kamaswana mwakachetechete. Thupi likadzazindikira, limayankha mochedwa koma mwaukali: limatulutsa timauthenga tambirimbiri totchedwa masaitokaini, toitana maselo omenya nkhondo kuti adzaze m'mapapo. Zili ngati anyamata oyatsa tchire pofuna mbewa m'mwezi wa Okutobala. Mbewa zimafadi, koma moto ukagwirana ndi mphepo sufunsa kuti munda wa nandolo ndi uti, nkhokwe ndi iti.

Khoma lopyapyala la timatumba tija limang'ambika, madzi ndi mapuloteni a m'magazi zimachucha n'kudzaza malo a mpweya. Madokotala omwe anayeza mapapo a omwalira anapeza timatumba titamatidwa m'kati ndi nembanemba yolimba ya mapuloteni ndi maselo akufa, ndipo mwa omwe anadwala nthawi yaitali munali zipsera. Mapapo otere amalemera, amauma gwa, ndipo ngakhale wodwala apume mofulumira bwanji okosijeni sadutsa. Vutoli limatchedwa ARDS. Silinabwere ndi corona: madokotala a ku Denver, m'dziko la America, analifotokoza mu 1967, ndipo limachitikanso pa chibayo chachikulu, pa matenda olowa m'magazi, ngakhale pa ngozi zazikulu.

Madokotala a mu 2003 anali pa mphambano yovuta, ndipo m'poyenera kuwaweruza mwachifundo, chifukwa anzawo a ntchito ankagona m'mabedi omwewo. Ambiri anapereka mankhwala awiri: ribavirin wolimbana ndi vayirasi, ndi masiteroidi oziziritsa chitetezo cha thupi. Ribavirin amagwira ntchito posokoneza zilembo za RNA, koma puloteni yokonza zolakwika ija imatha kumuchotsa. Phindu lake silinaoneke, ndipo odwala ambiri anachepa magazi chifukwa cha iye. Masiteroidi anaperekedwa pamlingo waukulu kwambiri m'zipatala zina, ndipo opulumuka ena, makamaka ku Beijing ndi ku Hong Kong, mafupa awo a m'chiuno anafa chifukwa chosowa magazi. Mliriwo unatha kafukufuku woyerekeza bwinobwino asanachitike.

Yankho lina linadzabwera mu Juni 2020 pa COVID-19. Kafukufuku wa RECOVERY ku Britain anapeza kuti siteroidi wotsika mtengo wotchedwa dexamethasone, pamlingo wochepa, anachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala a pa makina opumira, ndi limodzi mwa asanu pakati pa olandira okosijeni. Kwa odwala osafunika okosijeni sanathandize. Mankhwala omwewo angapulumutse kapena kusathandiza kutengera kuti wodwala ali pa gawo liti la nthendayo.

Opulumuka ku SARS si onse amene anabwerera mwakale. Kafukufuku wa ku Hong Kong ndi ku Toronto anapeza kuti patapita chaka kapena kuposerapo, ena anali akadali ndi befu akayenda pang'ono, kutopa kosatha, kusowa tulo, ndi matenda a maganizo. Ambiri mwa iwo anali anamwino ndi madokotala.

Chifukwa chake inatheka kuimitsidwa

Khalidwe lomwe linkapangitsa SARS kukhala yoopsa ndi lomwenso linaigonjetsa. Poti tizilombo tinkakhala pansi m'mapapo n'kuchuluka mochedwa, wodwala sankapatsira ena kwambiri masiku oyambirira. Pomwe ankafika popatsira kwambiri, anali atadwala kale moti sakanatha kuyendayenda. Anthu okhala ndi kachilomboka popanda zizindikiro anali ochepa. Choncho njira zakalekale zinagwira ntchito: kupeza aliyense wotentha thupi, kumupatula msanga, kulondola omwe anakhala naye pafupi n'kuwaika pambindikiro kwa masiku 10.

Mtengo wake unalipidwa m'zipatala. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa asanu alionse padziko lonse anali wogwira ntchito zachipatala. Kuika paipi pakhosi la wodwala kapena kumupatsa mankhwala opopera ngati nthunzi kunkamwaza tizilombo m'chipinda chonse, monga zinachitikira pachipatala cha Prince of Wales ku Hong Kong, pomwe anthu oposa 100 anadwala kuchokera kwa wodwala mmodzi. Komabe odwala ambiri sanapatsire aliyense. Mliriwo unkayenda ndi anthu ochepa opatsira ambiri nthawi imodzi.

SARS-CoV-2, yomwe inadziwika ku Wuhan mu Disembala 2019 n'kutsimikizika ku Malawi pa 2 Epulo 2020, imalowera pa ACE2 yomweyo. Kusiyana kwake n'koti imaswana bwino m'mphuno ndi pakhosi, ndipo imachuluka kwambiri pa nthawi yomwe zizindikiro zikungoyamba, kapena zisanayambe. Munthu amapatsira anzake ali mu minibasi, ali kutchalitchi, akudzimva wabwinobwino. Choyezera kutentha thupi pachipata sichingamugwire.

M'bale wachitatu ndi MERS, yemwe anapezeka ku Jeddah, Saudi Arabia, mu 2012. Ameneyu amalowera pa puloteni ina yotchedwa DPP4, amachokera kwa ngamila, ndipo wapha pafupifupi 35 pa 100 alionse a odwala odziwika. Safala mosavuta kunja kwa zipatala, koma mu 2015 munthu mmodzi wochokera ku Middle East anayambitsa mliri ku South Korea womwe unadwalitsa anthu 186, n'kupha 38.

Kanachokera kuti

Mu 2003, wofufuza wa pa University of Hong Kong, Guan Yi, ndi anzake anapeza tizilombo tofanana kwambiri ndi ka SARS m'nyama zogulitsidwa zamoyo pamsika wa ku Shenzhen, makamaka mtundu wa masked palm civet, womwe ndi wachibale wa fungwe. Koma nyama zomwezo za kutchire ndi m'mafamu ambiri zinalibe kachilomboka, zomwe zinasonyeza kuti nazonso zinangopatsidwa. Mu 2005 magulu awiri a ofufuza anapeza abale ake mwa mileme ya mtundu wa Rhinolophus, ndipo mu 2017 ofufuza a ku Wuhan analengeza kuti m'phanga limodzi m'chigawo cha Yunnan ku China anapeza tizilombo ta mileme tomwe, tikaphatikizidwa, tili ndi zidutswa zonse zopangira kachilombo ka SARS. Tizilombo ta corona tiwiri tikakumana m'selo limodzi timatha kusinthana zidutswa za RNA.

Mliri utatha, anthu anayi anadwalanso ku Guangzhou chakumapeto kwa 2003 ndi kumayambiriro kwa 2004, koma mosaopsa. Panachitikanso ngozi zitatu za m'malabotale, ku Singapore, ku Taipei ndi ku Beijing. Ya ku Beijing, mu Epulo 2004, ndiyo inapereka odwala omaliza odziwika.

Mafunso omwe akadalipo

Yunnan ndi Guangdong n'zotalikirana makilomita pafupifupi 1,000, ndipo njira yeniyeni yomwe kachilomboka kanadutsa kuchoka kwa mleme kukafika pamsika sinalondoledwe. Kholo lake lenileni silinapezeke mwa mleme uliwonse. Pa SARS-CoV-2 mkangano ndi waukulu koposa: akatswiri ambiri amaloza ku msika wa nyama wa Huanan ku Wuhan, ena amati ngozi ya m'labotale siingachotsedwe pa mndandanda, ndipo WHO yanena kuti umboni wofunika kuti nkhaniyi itsekedwe sunaperekedwe wonse.

M'thupi namonso muli zosamveka. N'chifukwa chiyani ana ankapulumuka pomwe okalamba oposa theka ankamwalira? Pa kuwonongeka kwa mapapo, ndi gawo lanji lomwe ndi la kachilombo ndipo ndi lanji lomwe ndi la chitetezo cha thupi, nanga dokotala angadziwe bwanji tsiku loyenera kusiya kulimbana ndi china n'kuyamba kuziziritsa chinzake? Kutopa kosatha kwa opulumuka ku SARS kukufanana ndi komwe ena akudandaula pambuyo pa COVID-19, koma chomwe chimakuyambitsa chikufufuzidwabe.

Palinso funso la chitetezo chokhalitsa. Asilikali a m'magazi otchedwa maantibodi ankachepa mwa opulumuka ambiri patapita zaka ziwiri kapena zitatu, koma mu 2020 ofufuza a ku Singapore anapeza kuti maselo oteteza thupi otchedwa maselo a T, a anthu omwe anadwala mu 2003 ankakazindikirabe kachilomboka patatha zaka 17. Kaya kukumbukira kotereku kungagwiritsidwe ntchito popanga katemera mmodzi woteteza ku banja lonse la SARS, malabotale angapo akuyesa. Ndipo ngamila zambiri za ku Kenya, Ethiopia ndi Somalia zimapezeka ndi zizindikiro zoti zinakhalapo ndi MERS, pomwe odwala MERS olembedwa kumeneko pafupifupi kulibe. Ofufuza sanagwirizanebe ngati chifukwa chake n'choti mtundu wa mu Africa ndi wofooka mwa anthu, kapena n'choti odwalawo sayezedwa.